Khutu Lachitatu pa Waifai ya ku Nkaya

"Amange nsanza zakezo azipita kwawo ku Mposa! Ine wakuba sindingakhale naye khomo limodzi!"

Abiti Usumani anaima pakati pa chipinda, mpango utasendera kunkhongo, chala chikuloza dzenje lomwe tsopano linali poyera chifukwa bedi anali ataikankhira kukhoma. M'dzenjemo munali mgolo wachitsulo, chivindikiro chili pambali. Chimanga chomwe chinatsala pansi pa mgolowo sichikanakhutitsa ngakhale nkhunda.

"Amayi, tsitsani mawu," anatero Zuhura, mwana wawo, yemwe anali mwini nyumbayo. "Anthu akumva."

"Amve! Ndikukuwira iwowo! Tandiuza, Zuhura, ankadziwa za mgolowu ndani? Ine, iwe, ndi mlamu wakoyu. Wakubayo wailesi sanaikhudze. Sutikesi sanatsegule. Wathyola loko, walunjika pansi pa bedi ngati tinakumba naye limodzi. Ndiye undiuze kuti analota?"

Nafisa anali atakhala pansi pafupi ndi chitseko, mwana wake Jamila ali pamiyendo. Anali mlongo wake wa Mubarak, mwamuna wa Zuhura, amene ankagwira ntchito m'shopu ku Joni.

"Wallahi, amayi, ine ndinali kuchipatala. Jamila anayamba kutsegula m'mimba m'mawa. Chitseko ndinakhoma."

"Tsiku lomwe mudzi wonse uli pamzere wa chimanga cha boma, iwe takusiya kuti ulondere nyumba, tsiku lomwelo ndiye mwana atsegule m'mimba?"

"Ndikanamuuza kuti adikire mawa?"

"Ukumva, Zuhura? Ukumva mmene akundiyankhira? Anafika pano nthiti zili panja, tinamulandira. Lero pamzere paja tabwerako chimanjamanja, ati chatha, tidikire galimoto ina. Ndiye tifike pakhomo tipeze izi?"

"Amayi, Nafisa akaba apita nacho kuti? Akudya nafe. Munthu angabe chakudya chake chomwe?"

"Anauza mwamuna! Mtsikana wopanda mwamuna pakhomo sasowa womunong'oneza. Ngwamba, ayi, ine ndakula, musandipusitse. Kumapeto kwa mwezi uno, Loweruka, kuli sadaka ya bambo awo a Che Abdulrahim. Akadye mpunga wa malemu, akhute, anthu asati Abiti Usumani anathamangitsa mlendo ndi njala. Kukacha Lamulungu, ulendo."

Nafisa anangomukokera Jamila pachifuwa.

Ife amene tinachoka ku Nkaya nkhokwe zikadali panja, zimenezi sitizizolowera. Kale chimanga chinkakhala pabwalo, chopanda loko, aliyense wodutsa akuchiona, ndipo munthu ankadziwika ndi kukula kwa nkhokwe yake. Lero munthu amagona pamwamba pa chakudya chake ngati nkhuku yofungatira, ndipo amachibisira ngakhale m'bale wake wabere limodzi. Namondwe anakokolola minda, chaka chotsatira dzuwa linawauliratu zotsalazo. Ku Nkaya ankawiritsa mango osakhwima. Ku Mposa ankaphika chitedze, kutaya madzi, kuphikanso, kutayanso, kuti ululu uchoke. Kumeneko ndi kumene Nafisa anathawa, atasiya nyumba yogwa khoma ndi kamanda ka mwana wake woyamba. Mwamuna wake anali atawolokera ku Mozambiki osabwerako. Onse atatu m'chipindamo ankadziwa kuti kumubweza Jamila ku Mposa kunali kumutumiza kukagona pambali pa mkulu wake.

Chokhacho chimene chinamera bwino ku Nkaya chaka chimenecho ndi mlongoti. Bungwe lina linauzika pafupi ndi msika, moyang'anana ndi njanji: chitsulo chachitali, sola pamwamba, ndi kabokosi koyera kogawa intaneti yaulere. Waifai! Tsiku lotsegulira kunali nthungululu ngati kwagwa mvula. Ndipo m'pomveka. Kwathu theka la amuna a mudzi uliwonse lili ku Joni, ndipo mayunitsi anali atasanduka chinthu cha anthu odya kawiri patsiku. Tsopano mayi ankangonyamula foni yake, kukhala pamwala, n'kuyamba kulankhula ndi Durban ngati ali kuseri kwa bafa. Sitima zamalasha zinkadutsa, zazitali zosatha, osaima, osagula ngakhale nthochi imodzi monga zinkachitira sitima za masiku athu, azimayi n'kumakuwa pamwamba pa phokosolo: "Ndati tumizani! Tu-mi-za-ni!"

A bungwe anasiya lamulo limodzi: pasiwedi izisinthidwa sabata iliyonse ndipo isamamwazike, kuopa anthu odutsa ndi mbava za pa intaneti. Woisunga anasankhidwa Wyson, mwini kagolosale koyandikana ndi mlongotiwo, bambo waulemu, wa malaya osita bwino, amene ankatchajanso mafoni. Lamulolo Wyson analigwira ndi mano. Pasiwedi sankauza munthu.

"Alamu, mundichotsetsa ntchito. A bungwe anati ndikauza mmodzi, mawa Balaka yense walowa. Bweretsani foni ndikulowetseni."

Ndiye Lolemba lililonse azimayi ankandanda, aliyense n'kupereka foni ndi manja awiri, bondo litapinda, monga mmene anawaphunzitsira kupereka chinthu kwa mwamuna. Wyson ankalowa nayo kuseri kwa katani, kumene ankati kumagwira bwino, n'kutuluka akumwetulira. "Yalowa, alamu. Muwapatse moni achimwene." Mlongoti unali wotetezedwa kwabasi. Za eni mafoni palibe anaziganizira.

Mubarak masana sankaloledwa kugwira foni m'shopu, choncho iye ndi Zuhura ankangosiyirana mawu ojambula pa Watsapu. Kuonana nkhope kunali kwa Lamulungu lokha. Lamulungu lotsatira kuba kuja, Zuhura anatsetserekera kumbali ya njanji, kumene waifai inkafika movutikira koma kunalibe anthu, n'kuimba.

"Abambo a Shukuru, lankhulani ndi amayi. Mlongo wanu akumuthamangitsa."

"Ine ndilankhule? Ndine mkamwini, pamudzi panupo mawu anga amamveka akabwera ndi thumba la chimanga basi. Ndipo iweyo, mayi a Shukuru, ndili nawe chifukwa. Mawu anga umamvera koma kuyankha ayi. Wayamba liti mwano umenewu?"

"Mawu ake ati?"

"Lachiwiri ndakutumizira m'mawa. Pasanapite nthawi ndaona kachizindikiro kaja kasanduka buluu, kusonyeza kuti wamvera. Ndadikira, ndadikira. Iwe zii mpaka Lachisanu. Ndipo si koyamba. Uli ndi wina kumeneko amene akukutangwanitsa?"

"Sitafurulahi! Ndi njala ino, mphamvu ya chibwenzi ndiitenge kuti? Lachiwiri ndinali pa ganyu kudimba, foni ili m'sutikesi, batire litatheratu. Kumlongoti kuno ndinabwera Lachisanu."

"Ndiye anamvera ndani? Jini?"

Nkhope ya Mubarak inayandikira pagalasi la foni mpaka kunangooneka diso ndi mphuno.

"Foni yako amaigwira ndani?"

"Palibe. Kupatula Che Wyson akamatilowetsa."

"Amalowetsa iwe ukuona?"

"Amapita nayo kuseri kwa katani."

"Yaa Allah! Zuhura, usadule. Pita pa Watsapu. Pamwamba, kudzanja lamanja, pali timadontho. Dina. Tsopano uzindiwerengera zimene zatuluka, ndikuuza poti udine."

Zuhura anadina monga mmene ankamuuzira, akulimbana ndi mawu achizunguwo. Panatuluka mzere umodzi, pambali pake kachithunzi ka chipangizo china, pansi pake mawu osonyeza kuti chagwiritsidwa ntchito tsiku lomwelo.

"Ndi chimenecho!" anakuwa Mubarak. "Kuno amachitira anthu zomwezo. Munthu amangobwereka foni yako kanthawi, n'kuimangirira ku yake ngati ngolo kumbuyo kwa ng'ombe. Zolemba zonse, zojambula zonse, zako ndi zanga, zimafikanso kwa iye. Chimene sangamve ndi tikamaimbirana chonchi basi. Zuhura, za mgolo zija unandiuza bwanji?"

Zuhura anangokhala pansi pamiyala ya njanji. "Ndinajambula. Ndinati takumba pansi pa bedi. Ndinanenanso tsiku lokalandira chimanga."

"Chotsa! Dina pamzerepo, uchotse pompano!"

"Iyayi."

"Wati chiyani?"

"Ndati iyayi, abambo a Shukuru. Ndikachotsa, amayi ndikawaonetsa chiyani? Apa sipanalembedwe dzina la munthu. Msiyeni azimvera." Anadabwa kudzipeza akuseka. "Amakonda mawu anga, eti? Ndimuphikira ena."

Woyamba kuuzidwa anali Rose, mnansi wawo Mkatolika, amene mwamuna wake analinso ku Joni. Zuhura anadina foni ya Rose, mzere uja gwa, ulipo. Rose anaika manja kumutu.

"Feteleza wanga! Ndinabisa m'chimbudzi chakale, ndinauza bambo ake Lucius okha. Atasowa ndinamenya Lucius wanga mpaka dzanja kutupa, ndimati wagulitsa kuti akaonere mpira. Mwana akulira kuti si ine amayi, ine ndikuwonjezera! Mayo, Zuhura, tiye pompano tikamuthire madzi otentha!"

"Khala pansi. Madzi otentha samubweza Nafisa m'nyumba."

Pomwe sabata inkatha, azimayi angapo odalirika anali ataonetsana mafoni kudimba, monong'ona, ndipo aliyense anali ndi mzere wake komanso munthu wa m'nyumba amene anamunamizira. Wina anali atasiya kupatsana moto ndi mkazi mnzake. Wina anali atapita kwa sing'anga kukaombeza apongozi ake. Wovuta anali Abiti Usumani.

"Foni ili ndi miyendo?" anafunsa, Nafisa atapita kukatola nkhuni. "Foni inakankha bedi? Wyson ndi mwana waulemu, amandipatsa mpando ndikafika pagolosale. Mukufuna kuchapa mlamu wanuyo ndi dzina la mwana wa eni?"

"Amayi, ingoloreni tiyese. Ndinena bodza pafoni, loti palibe akulidziwa. Munthu akabwera kudzalitsatira bodzalo, mudziwa kumene khutu lili."

"Elo, ndavomera. Koma Nafisa asamve kanthu, ngakhale fungo lake. Akamva, ndinena kuti wachenjeza mnzake. Wina akabwera, ndikhulupirira. Akapanda kubwera, Lamulungu mlamu wako ulendo, ndipo iwe usadzanditchulirenso za majini a m'foni."

Msampha unalipo kale pamudzipo. Kumapeto kwa bwalo kunali nyumba yomwe Mubarak ankamanga pang'onopang'ono: njerwa zootcha, malata pamwamba, zitsulo m'mawindo opanda magalasi, chitseko chachitsulo, pansi pakumera udzu. Nyumba zoterezi zadzaza m'midzi yathu, zomangidwa ndi amuna ogona mothithikana m'tizipinda ta ku Durban, zokhalamo abuluzi.

Lolemba la sabata ya sadaka Zuhura anapereka foni ndi manja awiri, bondo litapinda kuposa masiku onse. Wyson atamubwezera, anakakhala pamwala ndi Rose n'kuyamba kujambula.

"Abambo a Shukuru, musadandaule kwambiri. Alihamudulilahi, sanatibere chonse. Matumba aja anatisungira amjomba tawatenga dzulo. Taika m'nyumba yatsopano, chipinda chamkati, tafunditsa malata otsala aja. Vuto ndi loko, kiyi wake wasowa, ndiye tangomukoloweka kuti azioneka ngati wokhoma." Rose anamutsina ntchafu, nkhope ataibisa m'chitenje. Zuhura anakhosomola n'kupitiriza. "Loweruka tonse tikupita ku sadaka, ati apha ng'ombe. Pamudzi sipatsala ngakhale galu. Mutipempherere."

Masiku otsatirawo anali olemera. Nafisa ankachapa timalaya ta Jamila, kutiyanika, kutipinda, kutiika m'chitenje chomangira katundu. Zuhura ankamuona n'kuluma lilime.

Loweruka linacha ndi dzuwa lake lomwe lija. M'chaka cha njala sadaka saitanira munthu. Asilamu, Akhristu, a mpingo wopanda dzina, onse amamukumbukira malemu ndi chikondi chachikulu akangomva kuti kuli mpunga. Mudzi unanyamuka wonse, mipango yatsopano, mbale m'khwapa. Anadutsa dala pagolosale, kupereka moni kwa Wyson mokweza. Atafika kudambo, Zuhura anauza Nafisa kuti atsogole ndi ana, iwo aiwala kanthu. Azimayi a msamphawo anapatuka mmodzimmodzi, n'kubwerera chowerama kudzera m'munda wa nandolo.

Rose ndi anzake anabisala kuseri kwa chulu. Zuhura ndi amayi ake analowa m'bafa ya udzu yoyang'anana ndi chitseko chachitsulo chija. Abiti Usumani anali ndi musi m'manja.

Dzuwa linakwera. Nkhuku inabwera, kuwasuzumira, n'kuchoka.

"Panopa akupakula," ananong'ona Abiti Usumani. "Ndikumva fungo ndili konkuno. Zuhura, ndikaphonya mpunga wa Che Abdulrahim chifukwa cha majini ako, sindidzakukhululukira padziko pano ngakhale kumwamba."

"Amayi, chete."

"Ng'ombe yathunthu! Ine ndili m'bafa!"

"Chete, amayi! Tamverani!"

Kunamveka kulira kwa tcheni cha njinga. Inatulukira njinga ya kaliyala yotakata, malamba a chubu atakulungidwa kumbuyo. Woyendetsa anali atavala chipewa chotsika mpaka m'maso, koma malaya ositawo sakanabisika. Anaimika njinga pakati pa bwalo.

"Odi! Odi kuno! Alamu alipo?"

Zikhadabo za Abiti Usumani zinalowa m'dzanja la Zuhura. Wyson anayang'ana uku ndi uku, anaodiranso kamodzi mwaulemu wake wonse, kenako anayenda molunjika kunyumba yatsopano, kukolola loko, n'kulowa mpaka chipinda chamkati.

Zuhura sanadziwe mmene anadutsira bwalo lija. Anangomva chitseko chili phwa! m'manja mwake, loko ali kwe! Kiyi anali pa mkanda wa m'khosi mwake.

"Walowa! Walowaaa!"

Chulu chinabala azimayi. Nthungululu, mbale zikugundidwa ndi zikho, Rose akuvina mozungulira njinga, wina akuimba belu lake osalekeza. Nkhope ya Wyson inaonekera pazitsulo za windo, chipewa chitagwa.

"Amayi anga, mwalakwitsa! Ine ndimadzangoona mamangidwe. Ndikufuna kumanga yotere!"

"Ndi malamba a chubu?" anakuwa Rose. "Mumati muyeze nawo makoma?"

"Ndimafuna mthunzi, dzuwali..."

"Mthunzi wa pansi pa malata, chipinda chamkati?" anatero Zuhura, akupumira m'mwamba. Anayandikira pawindo, n'kutambasula dzanja limodzi lokha. "Che Wyson, bweretsani foni."

Azimayi onse anawalandira mawuwo ngati nyimbo. "Bweretsani foni! Bweretsani foni!"

"Foni ndi chinthu cha munthu, simungaigwire popanda..."

"Aa, lero mwadziwa!" Rose anaika nkhope pazitsulo, mawu atatsika. "Tamverani, achimwene. Kusadaka kuja kuli anyamata amene sanadye bwino kuyambira Khirisimasi. Mukudziwa zimene akuchita ndi akuba chimanga chaka chino. Ife tikufuna kuitana apolisi. Musatikakamize kuitana enawo."

Pazitsulo panatuluka foni imodzi, kenako yachiwiri. Zonse zinali zokhoma.

"Pasiwedi," anatero Zuhura.

Wyson anainena monong'ona.

"Mokweza! Ife ndife ogontha!"

Anainena mokweza. Zuhura anatsegula. M'katimo munali ma Watsapu ochuluka ngati tiana ta nkhuku, lililonse ndi nkhope ya mayi wa pamudzipo. Wina anagunda chigongono chake, chala n'kudina mwangozi, ndipo bwalo lonse linamva mawu a mwamuna wa Rose, ochokera kutali, otopa: "Rose wanga, kuno kukuzizira. Chitenje chako chija ndimachiika pansi pa pilo..."

Kuseka kunayamba n'kufera pakhosi. Rose anaima chilili, misozi ikutsika. Mayi aliyense anakumbukira nthawi yomweyo zimene ananenapo pansi pa mlongoti uja: matenda obisika, mimba zosalengeza, madandaulo a mkazi wogona yekha chaka chachitatu.

"Zimitsa!" analamula Abiti Usumani. "Za m'nyumba mwa anthu sizimveredwa pabwalo. Undipezere za Zuhura zokha."

Zuhura anafufuza, anadina. Mawu ake omwe anatuluka, osangalala, a masabata apitawo: "Chimanga chija tagula, abambo a Shukuru. Takumba pansi pa bedi, taika mumgolo, ngakhale khoswe sangachipeze..."

Abiti Usumani anatembenukira kuwindo pang'onopang'ono. "Chili kuti?"

Wyson anayang'ana pansi. "China ndinagulitsa. China chili kuseri kwa katani."

"Unagulitsa kwa ndani?"

Panalibe chifukwa chofunsira. Aliyense pabwalopo anagulapo chimanga cha pa kambale pagolosale paja, n'kuthokoza.

Phokoso linabukanso, aliyense akulamula. Wina anakwera njinga ya Wyson kukaitana apolisi. Ena anazungulira Zuhura, mafoni m'mwamba, kuti awaonetse podina pochotsera mzere uja. Rose anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kukwera panjerwa zotsala.

"Mawa tikaitana a bungwe! Pasiwedi asinthe mmene akufunira, koma aziinena pamaso pa tonse, aliyense azilowetsa yekha! Wosadziwa kulemba, mnzake amugwire chala, osati foni! Foni isachokenso m'manja mwa mwini wake!"

"Ndipo katani ija tikaing'ambe!"

"Tikasokere matewera!"

Abiti Usumani okha sanakuwe nawo. Anayang'ana musi womwe unali m'manja mwawo ngati sakudziwa kuti wachokera kuti, anautaya, anamanga chitenje molimba, n'kuyamba kuyenda. Atafika kumunda wa nandolo anali akuthamanga. Zuhura anasiyira Rose kiyi n'kuwatsatira.

Kwa Che Abdulrahim duwa, pemphero la malemu, inali itatha, anthu akudya. Azimayi anali atazungulira mbale zikuluzikulu m'magulumagulu, monga mwa mwambo, mapewa akugundana. Koma nkhani ya mgolo Abiti Usumani anali ataifalitsa okha pamjigo, ndipo palibe gulu lomwe linamusendera Nafisa. Anakhala yekha kumpanda, pafumbi, ndi kambale kake, akufinya mpunga ndi zala n'kumamudyetsa Jamila.

"Abiti Usumani, mwachedwa! Bwerani kumkeka kuno, takusungirani chiwindi!" anaitana mayi wa pakhomopo.

Iwo anaudutsa mkekawo. Anafika kumpanda thukuta likuyenderera, fumbi mpaka m'mawondo, n'kutembenukira khamulo.

"Siyani kutafuna! Wakuba chimanga changa tamukhomera m'nyumba ya mkamwini wanga. Ndi Wyson wa pamlongoti, amamvera mafoni athu. Mwana uyu sanabe. Pakamwa panga ndi pamene pananama!"

Bwalo linaphulika. Anthu anadzuka, mpunga uli m'manja, ena kufunsa, ena kale kupapasa mafoni m'mabulauzi. Abiti Usumani sanawasamale. Anadzigwetsa pansi pafumbi pomwepo, pambali pa Nafisa.

Nafisa sanawayang'ane. Anamupukuta Jamila pakamwa.

"Katundu ndamanga kale, amayi."

"Ukamasule."

"Apa mwanena anthu ali ndi mpunga m'kamwa, mawa aiwala. Wakuba munanditchula pamjigo, m'mawa, aliyense ali ndi chidebe chake."

"Ndikanenanso pamjigo."

"Ndili pomwepo."

"Uli pomwepo. Ndipo chidebe chako ndikapopera ndine."

Nafisa anakankhira kambale kaja pakati pawo. Abiti Usumani anatambasula dzanja, koma Nafisa analigwira pamkono, n'kuyang'ana fumbi lomwe linali pazala zawo.

"Sambani kaye, amayi. Mbaleyi akudyamonso mwana."

Abiti Usumani anakweza manja onse awiri, ndipo Zuhura anathamanga kukatenga madzi.